Nambala ya C ndi nambala ya V: mmene ndinavutikira ndi chikalata cha azakhali ku England

Azakhali anga amasunga mapepala awo onse ofunika m'chitini cha mabisiketi chimene chimakhala pansi pa bedi. Muli satifiketi yawo ya unamwino, makalata a penshoni, zithunzi za ukwati wawo, mapasipoti awiri otha ntchito, ndi maenvulopu awiri akuluakulu amene ife tonse tinkaganiza kuti ndiwo mathero a nkhani. M'maenvulopumo muli zikalata zimene kuno amazitcha lasting power of attorney, mwachidule LPA. Munthu akadali ndi nzeru zake zonse amasankha wina woti adzamuyimirire pa nkhani za ndalama kapena za chipatala tsiku limene iyeyo sadzatha kudzichitira yekha. Azakhali anasankha ine, mwana wa mchimwene wawo, pamodzi ndi mwana wawo wamwamuna amene amakhala ku Lilongwe.

Maganizowo anali awo. Anabwera kuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo agwira ntchito m'mawodi zaka zoposa makumi atatu. Tsiku lina mu 2022 tikudya nsima kunyumba kwawo ku Nottingham anangoti, "Iwe mwanawe, ine ndaona anthu akulira m'makolido a chipatala. Ndalama zili kubanki, mayi ali gone pabedi, koma mwana wobereka yekha sangatape ngakhale ya sopo. Ine zimenezo ayi." Kwathu munthu akadwala, abale amakhala pansi, mwinimbumba amalankhula, zinthu n'kuyenda. Kuno banki sidziwa mwinimbumba. Ngakhale mutalembedwa kuchipatala kuti ndinu wachibale wapafupi, dzinalo silikupatsani mphamvu ina iliyonse pa akaunti ya munthu. Popanda LPA mumayenera kukapempha ku khoti lotchedwa Court of Protection kuti likuikeni kukhala womuyang'anira, ndipo njira imeneyo imatenga miyezi yambiri komanso imadya ndalama zochuluka.

Tinalemba mafomu awiri, chifukwa zikalatazi zilipo mitundu iwiri: china cha katundu ndi ndalama, china cha zaumoyo ndi chisamaliro. Nthawi imeneyo kulembetsa chikalata chimodzi kunali mapaundi 82, ndiye tinalipira 164. Mtengowo unakwera kufika pa 92 mu Novembala 2025, koma amene amapeza ndalama zosafika mapaundi 12,000 pachaka akhoza kupempha kuti alipire theka. Tinatumiza ku ofesi ya boma yotchedwa Office of the Public Guardian, ku Birmingham, ndipo patapita miyezi ingapo zikalata zinabwerako zitadindidwa. Ine ndinalandiranso makalata awiri kunyumba kwanga ondiuza kuti zonse zatheka. Ndinangowerenga ndime yoyamba, n'kukawaika m'chitini cha azakhali. Ntchito yatha, tinatero.

Mu Febuluwale 2024 azakhali anagwa m'bafa. Inali sitiroko. Dzanja lamanja ndi mwendo zinafa, mawu anatsekeka, ndipo masabata oyambirira sankatha kutsatira ngakhale funso lalifupi. Atatuluka m'chipatala panafunika anthu obwera kudzawasambitsa m'mawa ndi madzulo, panali bilu ya gasi, msonkho wa kukhonsolo, inshulansi ya nyumba imene inali pafupi kutha. Mwezi woyamba ndinalipira zonse ndi ndalama zanga. Mwezi wachiwiri thumba linauma.

Ndinayimba foni kubanki yawo. Mtsikana amene anayankha anali waulemu ndithu. Anandiuza kuti njira zilipo ziwiri: ndipite ndi chikalata chenichenicho kunthambi, koma malo oti n'kuonana ndi munthu analipo patatha masabata atatu, kapena ndimupatse nambala ya pa intaneti kuti achione pompo pakompyuta. Ndinakumbukira kuti pa makalata aja panali nambala ina m'kabokosi. Ndinamuuza kuti adikire, ndinagwada pansi, ndinakoka chitini, ndinapeza kalata, n'kuyamba kumuwerengera monyadira: C, kenaka zilembo ndi manambala khumi ndi ziwiri. Sanandilole kumaliza. Anati imeneyo si yoti ndizipatsa munthu aliyense, ngakhale iyeyo. Imene akufuna imayamba ndi V.

Ndinangoti kakasi, chitini chili pamiyendo. Nambala ya V ndinaifunafuna m'makalata onse, kutsogolo ndi kumbuyo, osaipeza. Sindikanaipeza, chifukwa sibwera pa positi. Munthu umaipanga wekha.

Boma la UK lili ndi tsamba lotchedwa Use a lasting power of attorney, limene linayamba kugwira ntchito mu Julaye 2020. Nambala ya C ija amaitcha activation key, ndipo ntchito yake ndi imodzi yokha: kulowetsa chikalata chanu mu akaunti yanu ya patsambalo. Ili ngati kiyi wa nyumba. Mukalowa, m'pamene mumapanga nambala ya V, imene amaitcha access code, yoti mupatse banki, khonsolo, kampani ya magetsi kapena dokotala. Iwowo amapita pa tsamba lawo lina, View a lasting power of attorney, n'kulemba nambala ya V ija pamodzi ndi dzina la bambo la mwini chikalata, ndipo amaona kuti chikalatacho n'chenicheni, chikugwirabe ntchito, ndipo woyimirira ndinu. Mlendo mumamutsegulira chitseko kuti aone m'nyumba, koma kiyi simumupatsa. Ine ndinali nditayamba kale kupereka kiyi pafoni.

Usiku womwewo, azakhali atagona, ndinakhala pa tebulo la kukhitchini ndi laputopu. Poyamba pamafunika akaunti ya GOV.UK One Login, imene imafuna imelo, pasiwedi, ndi njira yolandirira manambala a chitetezo, kaya pa meseji ya foni kaya pa apu yopangira manambala otere. Apa ndinatsala pang'ono kulakwitsa kachiwiri. Foni ya azakhali inali pompo, imelo yawo ili yotsegula, ndipo m'mutu mwanga ndinkati popeza chikalata n'chawo, akaunti ikhalenso m'dzina lawo. Chinandiletsa n'chakuti pa kalata ija panali dzina langa. Munthu aliyense wotchulidwa pachikalata amalandira kiyi wakewake: mwini chikalata wake, woyimirira aliyense wakenso. Tsambalo limafuna kudziwa kuti wapanga nambala ya V ndi ndani. Kulowa ngati azakhali kukanakhala kunama, ndipo ndi bodza la mtundu umene umadzakutsata tsiku limene wachibale wina wayamba kufunsa mafunso.

Ndinatsegula akaunti yangayanga. Ndinalemba nambala ya chikalata, ya manambala 12 yoyamba ndi 7, imene ili pa kalata komanso pachikalata chenichenicho. Ndinalemba kiyi wa C. Ndinalemba tsiku lobadwa. Chinakana. Ndinabwereza katatu, ndikuyang'anitsitsa chilembo chilichonse, kenaka ndinazindikira kuti ndikulemba tsiku lobadwa la azakhali pomwe akufuna langa. Ndinakonza. Chinakananso, koma tsopano ndi uthenga wina: kiyi anatha ntchito. Kiyi wobwera ndi kalata yolembetsa amakhala chaka chimodzi basi. Wanga anali atagona m'chitini pafupifupi zaka ziwiri.

Kunena zoona, pamenepa ndinadzikwiyira kwambiri. Mu 2022 ntchito yonseyi ikanatenga mphindi khumi, azakhali ali pambali akundiseka kuti ndimalemba ndi chala chimodzi. Tsopano ndinali ndekha pakati pa usiku, ndikumvetsera ngati akutsokomola kuchipinda.

Kupempha kiyi watsopano n'kosavuta ndipo salipiritsa. Patsamba lomwelo mumasankha kuti mulibe kiyi, n'kulemba nambala ya chikalata, dzina lanu, tsiku lobadwa ndi postcode (nambala ya positi ya dera limene mukukhala), ndipo iwo amakutumizirani kalata pa positi. Sapereka kiyi pa imelo kapena pafoni, ndipo ndikaganiza bwino ndimaona kuti akuchita bwino, ngakhale usiku umenewo ndinawatukwana mumtima. Vuto langa linali loti ndinali nditasamuka mu 2023, osawauza. Nditalemba postcode yatsopano sizinagwirizane ndi zimene ali nazo. Ndiye ndinachita zaukathyali: ndinalemba postcode yakale. Zinatheka nthawi yomweyo, ndinasangalala, ndinakagona. Kutacha m'pamene nzeru zinabwera kuti kalatayo ipita kunyumba yakale.

Patatha sabata ndi theka ndinakagogoda kumeneko. Anatsegula bambo wina atanyamula mwana. Anati makalata onse a anthu akale amangowalemba kuti abwerere kumene achokera, n'kuwaponya m'bokosi la positi. Sindikanamudzudzula. Ndinabwerera m'basi manja ali lende.

Mawa lake ndinayimba ku Office of the Public Guardian pa nthawi yopuma kuntchito. Ndinadikira pamzere mpaka tiyi anazizira, koma amene anayankha anandithandiza bwinobwino. Anandifunsa mafunso otsimikizira kuti ndine, anandiuza mmene ndingasinthire adiresi, ndipo anandikumbutsa kuti woyimirira aliyense ali ndi udindo wowadziwitsa akasamuka kapena akasintha dzina. Zimenezi zinali m'kalata ija imene ndinangowerenga ndime yoyamba. Ndinapemphanso kiyi, ndipo panthawiyi ndinapempha awiri, chifukwa chikalata chilichonse chili ndi nambala yake ndi kiyi wake. Cha ndalama chikalowa mu akaunti, cha zaumoyo sichilowa chokha.

Makalata anafika. Ndinalowetsa zikalata zonse ziwiri pasanathe mphindi zisanu, mpaka ndinaseka ndekha. Pa foni panaoneka dzina la azakhali, mayina a oyimirira awiri, tsiku limene chikalata chinalembetsedwa, ndi mawu osonyeza kuti chikugwira ntchito. Ndinasankha zopatsa bungwe mwayi woona, ndinalemba dzina la banki, ndipo nambala ya V inatuluka.

Nambala imeneyi imakhala masiku 30, kenaka imafa. Musamapange zambirimbiri pasadakhale ngati mukukazinga mtedza wa sabata yonse. Pangani tsiku limene mukuyimba foni. Ine ndimapanga ina ya bungwe lililonse, chifukwa tsambalo limasonyeza kuti nambala iti yatsegulidwa, ndi bungwe liti, ndipo mukhoza kuithetsa nthawi ina iliyonse. Kampani ina inandiuza kawiri konse kuti sinalandire kanthu, pomwe ine ndikuona pa foni kuti anatsegula Lachiwiri. Nditawauza tsikulo, nkhani inasintha.

Kubanki kunachitikanso kachinthu kena. Nambala ya V inakana, ndipo mtima wanga unagwa. Chinali dzina. Azakhali anatsegula akaunti imeneyo asanakwatiwe, ndipo m'makompyuta a banki munali mayina onse awiri. Wogwira ntchitoyo ankalemba dzina la kwathu, pomwe pachikalata pali la amuna awo. Ndinamutchulira chilembo chimodzichimodzi, chifukwa mayina athu oyamba ndi Ch kapena Mph amawasokoneza kwambiri anthu a kuno, ndipo chinatseguka. Ngati wachibale wanu ali ndi mayina awiri, kapena dzina lake limalembedwa mosiyana pa pasipoti ndi pa makalata ena, yang'anani mmene lalembedwera pachikalatacho musanayimbe.

Musaganizenso kuti nambala ya V ikatheka ndiye kuti ndalama zatseguka tsiku lomwelo. Imangotsimikizira banki kuti chikalata chilipo. Iwo amachitabe zawo: anafuna pasipoti yanga, umboni wa kumene ndikukhala, ndi fomu yawoyawo yofunsa ngati azakhali akadali okhoza kudziyendetsera zinthu. Panapita pafupifupi masabata awiri ndisanalandire khadi lokhala ndi dzina langa pa akaunti yawo. Kampani ya gasi ndi khonsolo zinatha tsiku limodzi. Bungwe lina la penshoni linakaniratu, linati likufuna pepala. Pa zoterezi mumafunika kope lotsimikiziridwa tsamba lililonse, ndi loya kapena ndi mwini chikalata ngati akadali ndi nzeru zake. Chikalata chenichenicho ine sindichitumiza pa positi, zivute zitani.

Tsopano msuweni wanga wa ku Lilongwe. Lamulo limalola woyimirira kukhala kunja kwa UK, ndipo sayenera kukhala nzika ya kuno. Mwamwayi azakhali anachonga bokosi lakuti oyimirira akhoza kuchita zinthu limodzi kapena aliyense payekha. Akanachonga lakuti limodzi basi, pepala lililonse la kubanki likanafuna siginecha yake, ndipo sindikudziwa kuti tikanatani. Iyeyo kalata yake ya 2022 sanaionepo. Inapita ku bokosi la positi la kuntchito kwake kwakale. Atamva kuti ine ndalowa, anandilembera pa WhatsApp: "Suweni, tanditumizira pasiwedi yakoyo ndizionako nanenso. Kapena wayamba kudya wekha za amayi?" Chisuweni timaseka nacho, ndipo ndinamuyankha kuti mkazi wake wamkulu ndine, adikire gawo lake. Koma pasiwedi sindinampatse. Ndinamuuza kuti atsegule One Login yake, agwiritse ntchito apu ya manambala a chitetezo kuti asamadalire meseji, akonze adiresi yake ku ofesi ija, apemphe kiyi wake. Kalatayo inatenga nthawi yaitali kuti imupeze, koma inafika.

Nthabwala yake ija inali ndi fupa mkati, ndipo ndinalimva. Kuyambira tsiku limene khadi linafika ndili ndi kope la sukulu limene ndimalembamo ndalama iliyonse yotuluka, ndi envulopu ya malisiti. Ndalama za azakhali sizikhudzana ndi zanga. Zimene ndinalipira mwezi woyamba uja ndinadzibwezera, koma ndinalemba bilu iliyonse payokhapayokha n'kutumiza chithunzi kwa msuweni. Kumapeto kwa mwezi uliwonse amalandira chithunzi cha tsamba la mweziwo, afune asafune.

Chovuta kwambiri pa zonse sichinali kompyuta. Azakhali akhala akuthandiza anthu kumudzi zaka zonsezi: fizi ya ana, feteleza nthawi ya dzinja, bokosi pakagwa maliro. Mbiri itafika kuti tsopano ndalama zili m'manja mwanga, foni inayamba kulira. Amalume ena anachita kunena kuti, "Mwana iwe, azakhali ako sankatikaniza." Zoona, sankakaniza. Koma zinali ndalama zawo, ndipo ankasankha okha. Woyimirira lamulo limamumanga manja: akhoza kupereka mphatso pa nthawi zozolowereka monga ukwati, tsiku lobadwa kapena Khirisimasi, kwa abale ndi anthu oyandikana ndi mwini ndalama, ndipo mphatsoyo ikhale yolingana ndi chuma chimene chilipo. Zoposa pamenepo zimafuna chilolezo cha khoti. Nanga chisamaliro cha azakhali chimadya ndalama zingati pa sabata, ndipo chidzatha liti? Kumudzi zimenezi saziona. Amangoona kuti mwana wa mchimwene wakhala pa mpando n'kutseka pampopi.

Chinandipulumutsa ndi lamulo lomwelo. Limanena kuti munthu tizimuona kuti akhoza kusankha yekha pokhapokha zitaoneka kuti sangathe, ndipo woyimirira ayenera kumuthandiza kuti asankhe, osati kumusankhira. Pofika mwezi wachisanu azakhali anayamba kubwerera. Mawu amatuluka ochepa, olemera, koma mutu ukugwira, makamaka m'mawa. Ndiye pempho likabwera ndimadikira m'mawa, atamwa tiyi, n'kuwafotokozera pang'onopang'ono: wapempha ndi uje, akufuna zakuti, mu akaunti mwatsala zakuti. Nthawi zina amagwedeza mutu kuvomera, n'kukweza zala kusonyeza kuchuluka kwake. Nthawi zina amangotseka maso, ndipo amene anakula nawo amadziwa tanthauzo lake. Ndimalemba m'kope tsiku ndi zimene asankha. Amalume aja ndinawayimbira pa vidiyo kuti amve okha. Azakhali anawayang'ana nthawi yaitali n'kunena liwu limodzi: "Mawa." Amalume sanayimbenso za nkhaniyo.

Chikalata cha zaumoyo n'chosiyana pang'ono. Chimagwira ntchito pokhapokha pamene munthu sangathe kusankha yekha pa nkhani imene ili pamaso. Ndinapereka nambala ya V ku kiliniki ya dokotala wawo kuti adziwiretu kuti ndilipo, koma masiku ano akafuna kusintha mankhwala amafunsa azakhali eniake, ine n'kumangothandiza kumasulira mawu akakanirira kukhosi. Chodabwitsa n'chakuti sitiroko inawabwezera Chichewa kuposa Chingerezi chimene alankhula zaka makumi anayi.

Azakhali ali ndi kanyumba ku Blantyre ndi akaunti ina yakale kubanki ya kumeneko. Msuweni anapita ndi nambala ya V, ndipo anamuyang'ana ngati wabwera ndi nambala ya lotale. Chikalatachi n'cha malamulo a England ndi Wales. Za katundu wa kumudzi zinafuna loya wa konko ndi mapepala ena, ndipo imeneyo ndi nkhani ina yaitali. Ngakhale Scotland ili ndi ofesi yake ndi malamulo ake, choncho anzathu a ku Glasgow ndi Edinburgh tsambali silikuwakhudza. Silitenganso zikalata zimene zinalembetsedwa isanafike 1 Januwale 2016, kapena zakale zija zotchedwa enduring power of attorney zimene anthu ankalemba isanafike Okutobala 2007. Amenewo ndi a pepala basi. Ndipo tsiku limene mwini chikalata wamwalira, mphamvu yonse imathera pomwepo, khadi lija osaligwiranso ngakhale pogula bokosi. Mumadziwitsa ofesi ija ndi banki, zotsalazo zimayenda ndi wilo.

Mayi wina wa kutchalitchi kwathu atamva nkhani yanga anabwera ndi kalata ya amuna ake, ili ndi miyezi khumi ndi umodzi chilandirireni. Tinakhala pa benchi ya kumbuyo mapemphero atatha, ndipo tinamaliza zonse pa foni yake anthu asanamalize kumwa tiyi. Amuna akewo, amene ali bwinobwino, anaima pambali akufunsa kuti kodi tikuwagulitsa.

Sabata yatha ndinawasonyeza azakhali tsambalo pa foni, dzina lawo pamwamba, mndandanda wa mabungwe amene anatsegula nambala pansi pake. Anayang'ana nthawi yaitali, akutsetsereka ndi chala cha dzanja lamanzere. Kenaka analoza pansi pa bedi. Ndinakoka chitini, ndinatsegula. Anafufuza mpaka anapeza makalata awo eni, aja a 2022 okhala ndi kiyi wawo wa C amene sanagwirepo ntchito, n'kundipatsa.

"Anatha, Azakhali," ndinatero. "Tipemphe ena?"

Anagwedeza mutu. "Wanga," anatero. "Ndizikuona."

Kalata yawo tikuidikira sabata ino.